Chitini Changa ndi Kuseka kwa a Wailesi

Lolemba, 3 Marichi

Chitini changa chayamba kuwerenga! Miyezi isanu ndikulimbana nacho. Chitsulo chobulungira, kawaya kowonda pakati, sefa pakamwa kuti fumbi lisalowe. Mpweya ukalowa uli ndi radoni, ujeni wochokera m'nthaka woononga mapapoyu, kawaya kamamva, nambala n'kukwera. Ndavina ndekha mu labu. A Profesa akuti Lachisanu la sabata yamawa adzachiyesa pambali pa makina obwereka. Chikanama, basi, agula akunja, changa chikagone m'kabati.

Lachitatu, 5 Marichi

Kalanga ine. Ikangokwana 10 koloko nambala ikudumpha ngati chiwala, kenaka zii. Radoni wanji wodziwa wotchi? Batire ndasintha. Chinyontho ndaumitsa. Mawaya ndapukuta. Chimodzimodzi. Amuna anga ati, "Mwina nacho chimafuna tiyi." Sindinaseke, mtima unali m'mwamba.

Lachisanu, 7 Marichi

Mfiti yapezeka! A Wailesi, mmisiri wathu wa zitsulo, omwe anandiwotcherera chitinichi. Pa 10 koloko amakwera kuchokera kushopu yawo ya pansi kudzamwa tiyi, nkhani zosatha, akaseka n'kumenya tebulo. Kawaya kamanjenjemera, chitini n'kumaganiza kuti ndi radoni. Ndinawauza aseke dala. Nambala pyoo! Iwo: "Achemwali, ndiye kuti ine ndi poizoni?" Nthiti zikundiwawa mpaka pano.

Lolemba, 10 Marichi

Ndadula siponji ya matiresi akale a mwana, chitini chakhala pamwamba pake ngati mfumukazi. A Wailesi akungitsa kawaya. Aseka, amenya tebulo, aimba ndi nyimbo yomwe. Nambala phee. Ndawagulira shuga, tiyi wawo ndi wa masupuni anayi.

Lachitatu, 12 Marichi

A Profesa akufuna chipinda chosapita mphepo, makina onse awiri akhalemo masiku awiri. A Wailesi msangamsanga: "Bweretsani kushopu kwanga, kulibe ndi windo lomwe." Tatsitsa. Ndikuopa, osanama.

Lachisanu, 14 Marichi

Zafanana! Makina obwereka ndi chitini changa, kusiyana kwake kochepetsetsa. A Profesa anandigwira chanza: "Mayi, mupange zina khumi." Ndinathamangira panja kukaimbira amuna anga, ndikukuwa ngati wamisala, alonda kumangondiyang'ana.

Pobwerera m'pamene ndinaiwerenga bwino nambalayo. Poyamba ndinkangoona ngati zikufanana. Radoni wa m'shopumo, kasanu kuposa mlingo woyenera munthu kupuma. Makina onse awiri. A Profesa anali ataona kale, ali pafoni kuitanitsa mafani otulutsa mpweya ndi anthu obowola khoma.

A Wailesi mano onse pamtunda: "Tawina eti, achemwali?"

Ndinangoti eya. Zaka 19 akupuma mpweya wa m'chipinda chimenecho. Ndinanyamula bokosi lawo la zida n'kuyamba kukwera masitepe, iwo pambuyo akufunsa kuti tikupita nalo kuti.