Sindikuona Kanthu, Bwana

Lachinayi, 13 Malichi

Okondedwa Amayi,

Lero kunacha ndi mvula yamawawa, ija yosanyowetsa msanga koma yolowa mpaka m'mafupa. Madzi amadontha kuchokera pa malata a khitchini n'kumagwera m'beseni. Kumsewu kunali zii. Masabata onsewa takhala tikudzutsidwa ndi katapila ikulira kuseri kwa sukulu yathu, koma lero ndimangomva njinga zikudutsa m'matope, ndi Bambo akupukuta nsapato zawo zantchito pakhonde ngati ndi tsiku wamba.

Lamlungu mukaimba foni Bambo adzakuuzani kuti tonse tili bwino. Musawamvere. Amalume ali m'chipatala, apsa manja onse awiri ndi mbali imodzi ya nkhope. Ali moyo ndipo akuyankhula. Bambo awaimitsa ntchito lero. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ndatopa ndi anthu a m'nyumba muno oyankhula mozungulira.

Mukudziwa kuti kampani ya Bambo ikukumba ngalande ya madzi amvula m'mbali mwa mpanda wa sukulu yathu. Koma makina amene akugwiritsa ntchito tsopano inu simunawaone. Ali ndi matayala anayi ndi chogwirira, amachita kukankha ngati chikuku cha mwana, mwakuti Bambo anzawo amangowatchula a Chikuku, n'kumawafunsa ngati mwana wayamwa. Dzina lenileni la makinawa ndi rada. Amatumiza mafunde pansi, ndipo mafundewo akagunda paipi kapena chingwe cha magetsi, pa kagalasi ka makinawo pamatuluka kamzere kopindika ngati nsidze. Bambo akaona nsidze amapopera penti pansi, yofiira pa magetsi, yabuluu pa madzi. Katapila siyenera kukumba pamene iwo sanadutse.

Makinawa ali ndi mdani wawo, dongo lonyowa. Bambo anandionetsa okha Loweruka lina nditawapititsira chakudya. Kagalasi kanangoti phulusa lokhalokha. Anati, "Zikatere ndiye kuti dothi latitseka m'maso. Sikuti pansi palibe kanthu ayi. Akhungu ndife." Mawu amenewa ndi awo, Amayi. Amadziwa bwinobwino.

Lolemba pa buleki ndinali pamalo panga, pa desiki yothyoka ija ya kuseri kwa laibulale, pafupi ndi mpanda wa waya. Ndimadyera pamenepo ndekha, ndipo chonde musayambe kundifunsa za anzanga, si nkhani ya lero. Ngalande inali itafika pangodya. Bambo anadutsapo ndi chikuku, kubwerera, kudutsanso mopingasa. Penti sanapopere. Ndinawaona akuwerama, akutchinga kagalasi ndi dzanja. Amalume anali m'ngalandemo ndi fosholo, kusalaza m'mene katapila yakumba.

Kenako anafika kapitawo wawo wa chisoti choyera, amene anyamata amamutcha Dzulodzulo chifukwa chilichonse amachifuna dzulo.

"A Chikuku, mwana wanuyo wagona kodi? Katapila ikumwa mafuta ili chiimire."

Bambo anagwira chisoti chawo ngati akufuna kuvula. "Apa sindikuona kanthu, bwana."

"Eya! Mwamva nonse? Palibe kanthu. Adalaivala, lowani!"

"Komatu dongoli, bwana. Mwina tikanayamba taboola ndi manja pang'ono."

"Mwina sakumba ngalande, a Chikuku. Chingwe mwachiona kapena simunachione?"

"Sindinachione, bwana."

"Nanga tikudikira chiyani?"

Bambo anakoka chikuku chawo n'kupatuka. Anapatuka, Amayi, mlongo wanu ali m'dzenje!

Mano a katapila atangolowa pansi kunang'anima kuwala kothobwa m'maso, kenako chiphokoso ngati tayala la lole laphulika. Magetsi a sukulu yonse anazima. Kunamveka fungo la mphira wopsa. Ndinakwera mpanda, thalauza la yunifolomu n'kung'ambika, ndipo ndinapeza amalume ali chagada m'matope, malaya akufuka utsi. Woyamba kudumphira m'dzenjemo anali Bambo, ena onse akuthawa. Pamenepo ndisawanamizire.

Dzulo ndinakawaona amalume kuchipatala. Manja awakulunga mabandeji mpaka m'zigongono. Atandiona anati, "Mphwanga, tandiyang'ana, nsidze zanga zasowa. Uwauze alamu abwere ndi chikuku chawo adzazifunefune." Anaseka okha mpaka kutsokomola. Bambo anali ataima kumiyendo kwa bedi. Anayesa kumwetulira, kenako anatuluka, ati akukafuna namwino. Amalume sanamve chilichonse cha zimene zinanenedwa pamwamba, chifukwa katapila imalira m'khutu mwawo. Dalaivala naye akuti sanamve. Anyamata ena onse agontha mwadzidzidzi. Wotsala ndi makutu ndine ndekha.

Lero kunabwera mayi woona za chitetezo cha antchito kuchokera ku likulu la kampani, kudzamva kuti wolakwa ndani. Bambo anandiuza m'mawa kuti, "Iwe upite kusukulu. Za akulu uzisiye." Ndinalowa pageti la sukulu kuti andione, n'kutulukira kuseri. Ndinakaima pakhomo la kontena imene amachitiramo ofesi. Dzulodzulo amayankhula mokweza: "Ine ndinafunsa katswiri wathu, katswiri anati palibe kanthu. Nanga ine ndili ndi maso a pansi?" Bambo anangoima manja kumbuyo, ngati mwana wochedwa kusukulu.

Ndinalowa osagogoda. Ndinati, "Mukunama, bwana. Ine ndinalipo."

Mayi uja sanandithamangitse. Anafunsa kuti ndine yani, kenako anati, "Chabwino. Ndiuze mawu enieni a bambo ako, osawonjezera."

Ndinati, "Anati, apa sindikuona kanthu, bwana."

Dzulodzulo anawomba m'manja. "Mwadzimvera nokha, mayi! Mwana wawo yemwe!"

Ndinati kusaona kanthu n'kosiyana ndi kupanda kanthu. Ndinafotokoza za dongo, za phulusa la pa kagalasi, ndi zoti Bambo ananena za kuboola ndi manja.  Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Makinawa amawadziwa, sanafunikire kuphunzitsidwa ndi ine. Anauza kapitawo kuti malamulo amati pokayikitsa pazikumbidwa ndi manja, ndipo iye amadziwa zimenezo. Mumtima ndinati tapambana. Kenako anatembenukira kwa Bambo.

"Bambo, munadziwa kuti makina sakuona?"

"Ndinadziwa, mayi."

"Munawauza kuti asakumbe?"

"Ndinati mwina tikanayamba..."

"Liwu lakuti musakumbe linatuluka pakamwa panu?"

Bambo anayang'ana nsapato zawo zopukuta zija. "Ayi, mayi."

Mayiyo anapumira m'mwamba. Anati, "Kukankha chikuku aliyense angathe. Inu tinakulembani kuti muzinena kuti ayi." Dzulodzulo amupatsa chenjezo, mawa ali pantchito. Bambo awaimitsa mpaka akuluakulu a ku likulu agamule Lolemba ngati abwerere kapena achotsedwe, ndipo akuti adzafunsanso maganizo a kapitawo.

Tsopano mverani chimene chandilembetsa kalatayi. Tisanatuluke, Bambo anatembenukira kwa munthu amene wawotcha mlamu wawo n'kuwanamizira pamaso pawo, ndipo anati, "Pepani bwana, mwanayu ndi wamng'ono, sadziwa kuyankhula ndi akulu."

Amayi, ndinamva ngati andimenya khofi pagulu.

Titafika pamsewu ndinawafunsa. Sindinawafunsepo chinthu mokweza chibadwire, koma lero ndinatero, anthu akutiyang'ana.

"Bwanji simunangoti musakumbe?"

"Anamva. Munthu wamkulu ukamuuza kuti mwina, wamva."

"Sanamve!"

"Anasankha kusamva. Nanga umafuna ndimukalipire pamaso pa anyamata ake?"

"Inde!"

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenako anati Lolemba lisanafike ndipite kwa kapitawo ndikapepese chifukwa chomutchula wabodza, apo ayi ntchito yatha. Ndinati iye akapepese kaye kwa amalume. Anati, "Suli pa msinkhu wosankha." Anakwera basi ya kuchipatala, ine n'kutsala mumvula.

Ndikudziwa chimene munganene, chifukwa nanunso munandiphunzitsa zomwezo. Wamkulu sumutsutsa pamaso. Ukafuna kukana uzizungulira. Ndinkaona ngati ndi ulemu, ndipo kusukulu aphunzitsi amandiyamikira kuti ndine mwana wofatsa. Ulemu umenewo ndauona tsopano, uli ndi mabandeji mpaka m'zigongono. Ngakhale inu, tsiku lonyamuka munati mukupita kwa kanthawi kochepa. Ndinali ndisanafike paphewa panu, pano nsapato za Bambo zikundikwana. Sindikuti munalakwa kupita, ndikudziwa chimene mukuvutikira kumeneko. Ndikungoti mukanandiuza zoona, ndikanaleka msanga kuthamangira pazenera basi ikaima.

Pali china chimene sindinauze munthu. Ndikanapanda kulowa mu kontena muja, akanangotsutsana awiriwo, uyu akuti chakuti, uyu ali chete, ndipo mwina mayi uja sakanafunsa funso lomalizalo. Ndinalowa kukawapulumutsa, koma mawu amene awagwetsa anadzera pakamwa panga. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuswa chinthu. Koma sindinaname, ndipo sindikuona chimene ndikapepesere.

Ndiye pempho langa ndi ili. Kalatayi ndiijambula pa foni ya mayi a nyumba yoyandikana nayo ndikutumizireni mawa, kuti Lamlungu mudzakhale mutawerenga. Mukaimba, mudzayambe mwauza Bambo kuti mukudziwa zonse, asavutike ndi "tili bwino" wawo. Kenako mudzandiitanitse ine, mundiyankhe liwu limodzi: pita, kapena usapite. Mukadzati pita, ndidzapita chifukwa cha inu, ndipo ndidzamuuza Dzulodzulo kuti ndatumidwa. Mukadzati mwina, ndidzadula foni.

Mudzaimbirenso amalume. Foni sangagwire okha, koma wina adzawagwirira pakhutu. Anati ndisakuuzeni, ati achemwali awo angalire kutali kopanda wowatonthoza. Nawonso ndi a m'banja lomweli.

Ine kusukulu zikuyenda. Thalauza ndasoka ndekha, msoko wake wokhota koma sukuoneka ndikakhala pansi. Muzivala zofunda, munati kumeneko kukuzizira. Ndakusowani, ngakhale ndakwiya nanu.

Madzulo ano ndinafika kunyumba ndekha, ndipo ndinaphika za anthu awiri. Bambo anafika dzuwa lisanalowe, opanda chisoti, atanyowa. Sanadye. Anatenga bulangete, sopo, thaulo ndi supuni, n'kubwerera kuchipatala, chifukwa amalume sangathe kudya okha ndipo salola kudyetsedwa ndi munthu wina koma alamu awo. Amalume sabwera mwezi uno. Pakhomo pano ndilipo ndine.

Ine mwana wanu.