Mudzi wa a Mbewe sunalowe mu disiki

Lachinayi. Kwatentha, ndipo mu ofesi ndatsala ndekha.

Pakompyuta ya pafamu ndikulemba midzi ya ku Malawi komwe makolo athu a m'komboni anachokera. Kompyutayo inkachedwa, chifukwa inkadikira kuti dzina lilowe kaye mu disiki, momwe zolembedwa zimasungika, isanalandire lina. Anthu atadandaula pamzere, kudikirako ndinakuchotsa, moti inayamba kunena kuti yasunga dzina lisanalowe mu disiki.

Lero a Mbewe, amene masiku ano amaiwala ngakhale ana awo, anakumbukira mwadzidzidzi mudzi wa bambo awo. Ndinalemba, kompyuta n'kunena kuti yasunga. Kenaka magetsi anathima. Atayakanso, mayina onse a lero anali atasowa.

Ndinathamangira kwawo. "Sekuru, mudzi uja munati chiyani?" ndinawafunsa agogowo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa yani, iwe?"

Ana awo sindinawauze. Dzinalo ndinalimva ndekha, ndipo sindikulikumbukira.