Kalata yaukali ikadali pamzere

Aphungu,

Lero Lachiwiri, teni koloko m'mawa, ndakankhira mbale pambali kuti ndikulembereni. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukaona chilembo chopunduka, ingochilumphani.

Ndili ndi ana aakazi awiri. Wamkulu ndi namwino, amagwira ntchito kutali. Wamng'ono ndimakhala naye, pamodzi ndi mwamuna wake wokonza mafoni. Masabata atatu apitawo akamwini amenewa anatola kompyuta yakale n'kuiika pansi pa tebulo lositirapo zovala. Akuti ndi seva, positi ofesi yathuyathu ya maimelo. Imangolira ngati mphaka wokhuta. Ine makutu anatha, pafoni ndimangoyankha "eee, eee", choncho imelo ndinaiphunzira, ya chala chimodzi.

Mwezi wamawa andichita opaleshoni ya diso. Namwino uja ndinamulembera kanayi konse kuti apemphe tchuthi, adzandigwire dzanja. Zii. Dzulo mtima unandiwawa, ndinalemba kuti, "Odwala a eni ukuwasambitsa, mayi ako wawataya. Ndikafa usadzabwere, misozi yakoyo ukathirire maluwa a kuchipatala." Ndinadina, n'kukaphika tiyi.

Madzulo ake iyeyo anaimbira mng'ono wake: "Kodi amayi ndawalakwira chiyani? Masabata atatu osandilembera!"

Ndinaitana akamwini. "Amayi, makinawa alibe vuto, taonani," anatero. Anatumiza imelo kwa mkazi wawo amene anakhala nawo pampando umodzi, ndipo inafikadi. Ndinati, "Bambo, mbuzi ikazungulira m'khola ndiye kuti yafika kumsika?" Ndiye kumva kuti chiyikireni makinawo, kuyesa kwawo kwakhala komweko.

Ataimbira kampani imene imatipatsa intaneti, anauzidwa kuti makalata azidzera kukampaniko. Akamwini akuti akonza akapeza mpata. Ine ndikufuna ndidziwe zoyenera kuchita, ndiwaimirire kumbuyo ngati kapitawo. Koma chachikulu n'ichi: kalata yadzulo ija ili kuti? Kupepesa sindinazolowere, koma mwana wanga asaiwerenge.

N.T., kuseri kwa siteshoni ya basi

Agogo,

Za mbuziyo mwalasa. Imelo ya m'nyumba momwemo situluka panja, choncho kuyesa koteroko sikuonetsa kanthu. Makampani ambiri a intaneti amatseka khomo 25, limene seva imatumizira makalata payokha, poopa anthu omwaza makalata achinyengo. Vutoli ndi laling'ono, ntchito ya ola limodzi.

Koma akamwini asayambe ndi kukonza. Seva ikalephera kutumiza kalata imaisunga pamzere n'kumayesanso, kawirikawiri kwa masiku anayi kapena asanu. Yanu yaukaliyo mwina ikadali pomwepo, ikudikira khomo. Likangotseguka, mzere wonse uthamanga nthawi imodzi, ndipo yatuluka yatuluka. Choncho ayambe aimitsa kutumiza, atsegule mzerewo, aifufute inu mukuona ndi diso labwinolo.

Akatero afunse kukampaniko dzina la seva yawo yotumizira makalata, dzina lolowera ndi pasiwedi. Azilembe m'makina mwanumo, awauze kuti kalata iliyonse yopita kunja izidzera kumeneko, pakhomo 587 kapena limene eni ake anene. Ayatsenso chitetezo chobisa uthenga panjira, pasiwediyo isayende poyera. Afunse ngati kampaniyo ikulola adiresi ya banja lanu kukhala yotumizira, chifukwa ena amakana adiresi imene sakuidziwa.

Poyesa, atumize kwa munthu wa kunja kwa nyumba, ndipo munthuyo ayankhe. Popanda yankho musawasiye anyamuke pampando.

Chenjezo langa: sevayo izinyamula makalata a inu a m'nyumbamo basi. Ikasiyidwa yotsegukira aliyense, akuba a pa intaneti aziitumizira zinyalala zawo, ndipo kampani ikutsekerani.

Makalata anayi aja musawadalire, mwina anatha mphamvu kalekale. Tchuthi cha namwino sichipemphedwa lero n'kuperekedwa mawa lake, ndiye musadikire makina. Lero lomwe wamng'onoyo aimbire mkulu wake, amuuze tsiku la opaleshoni, inu muli pambali. Simumva bwino, koma pakamwa panu palibe vuto. Mungoti, "Mwanangu, bwera."

Tsamba lino mulidule ndi sizasi, mupatse akamwini m'manja asanagwire makinawo. Akamaliza, alipereke kwa mnzawo aliyense amene ali ndi seva pansi pa tebulo.

Aphungu