Dokowe wa Abambo ndi Nyumba Yanu Yopanda Denga

Achimwene anga okondedwa,

Ndiyambe ndi moni, ngakhale mtima ukundikoka kuti ndiulumphe. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Ana akukula? Ife kuno matupi ali bwino, koma ine mtendere ndilibe. Kalatayi ndaiyamba nditakhala pampando, pano ndikulembera pawindo nditaima, ndipo sindikudziwa kumene ndikaimalizire.

Pafoni mumandidula ndi mawu anu aja akuti muli pantchito. Ndiye ndalemba, kuti muwerenge mpaka pansi. Nkhani yake ndi ya abambo ndi mbalame. Musaseke.

Mukudziwa mmene abambo analili chimwalirireni amayi. Munthu amene anakhala telala moyo wake wonse, wodzuka tonse tili mtulo, anasanduka wogona masana, nkhope atalozetsa kukhoma. Chakudya ndinkachichotsa mmene ndachiikira. Ndinkaopa kutsegula chitseko chawo m'mawa, ndikuuzeni zoona.

Mvula itangoyamba kunabwera adokowe, mbalame zazitali miyendo zija zimene zimachokera kumayiko akutali n'kumatera pabwalo la mpira kuseri kwa msewu wathu. Mmodzi anawomba mawaya a magetsi n'kugwera pageti pathu, phiko litathyoka. Pobwera kuntchito ndinapeza abambo ali panja, atavala nsapato, atagwada pansi, akumanga phikolo ndi nsalu yotsala ya suti. Anamutcha Kasitomala, ati chifukwa wavala zoyera ndi zakuda ndipo zikomo samudziwa.

Aneba athu, aphunzitsi opuma aja, anatichenjeza kuti mbalame zosamukasamuka sizisungidwa ngati nkhuku. Ati zimadutsa m'mayiko ambiri, ndiye boma limaziteteza, ndipo wosunga popanda chilolezo amapalamula. Tinapita ku ofesi ya zanyama zakutchire. Kumeneko kuli mayi wina wamfupi, wosaseka, amene abambo anamutcha Mayi Chidindo tisanatuluke n'komwe pakhomo.

Mayiyo anatipatsa chilolezo, koma anatsindika kuti n'chosamalira wodwala, osati chokhala naye. Phiko likapola, mbalame imasulidwe anzake asananyamuke. Osaimanga chingwe, osaigulitsa, osaidula nthenga, ngakhale kutola imodzi n'kuika pachipewa. Abambo ankangogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Achimwene, miyezi imeneyo mukanabwera simukanawadziwa. Ankadzuka m'mamawa kukasaka ziwala ndi chibotolo. Ankakangana ndi wogulitsa nsomba kuti wawapatsa zoonda. Anayambanso kundidzudzula kuti siketi yanga yapindidwa mokhota, ine n'kumasangalala potukwanidwa. Kasitomala ankagona m'galaja, masana n'kumayendayenda pabwalo ngati mwini nyumba.

Phiko linapola. Kasitomala anayamba kukupiza mapiko mpaka zovala zapachingwe kugwa. Tsiku lina anakwera padenga la galaja. Ine ndinaomba m'manja, koma abambo sanaombe.

Mawa lake ndinapeza nthenga zakuda zitandandalikidwa bwinobwino patebulo lawo lodulirapo nsalu, sizasi yaikulu ija ili pambali. Ndinafunsa chimene chachitika. Abambo anati nthenga za phiko lovulalalo zinali zoyoyoka kumapeto, ndipo iwo sangapirire kuona mpendero wosalingana. Ati anangolinganiza pang'ono, kenako phiko linalo linaoneka lalitali, ndiye analinganizanso. Ati telala aliyense akanatero. Ndinawakhulupirira theka, theka linalo ndinangolimeza.

Mayi Chidindo atabwera kudzaona ngati mbalame yakonzeka kumasulidwa, anatambasula phiko n'kuliyang'anitsitsa. Kenako anati nthenga si tsitsi. Yodulidwa siikula, imadikira kuthothoka yokha kuti ina imere, ndipo zimenezo zingafike mvula ya chaka chamawa. Ati chilolezo chathu chafa, mbalame idzatengedwa kupita kumalo osungirako nyama kutali, ndipo abambo akhoza kukaonekera kukhoti. Madzi akatayika saoleka, koma ine ndinayesabe kuwaola. Ndinalankhula za mpendero, za ukalamba, za maliro a amayi, mpaka ndinadzimvera chisoni ndekha. Mayiyo anangoti adzatiitana.

Sabata yomweyo adokowe anayamba kusonkhana kuti azipita. Ankazungulira pamwamba pa nyumba zathu, kukwera, kukwera, mpaka kuoneka ngati timadontho. Kasitomala anawaona. Anathamanga kuchokera kugalaja mpaka kumpanda akukupiza timapiko take, n'kudziwomba pampandapo. Anadzuka, anabwerera, anathamanganso. Anachita zimenezo mpaka pachifuwa pake panatuluka magazi. Ine ndinathawira m'nyumba. Abambo anaima pomwepo mpaka kumwamba kunayera, osatsala dokowe ndi mmodzi yemwe.

Atalowa anandiuza kuti za mpendero zija anandinamiza. Ati ankadziwa bwino chimene sizasi ikuchita. Ati atamuona padenga paja, anaona chipinda chawo chija chikuwadikira, ndi khoma lija, ndipo anachita mantha. Ndinakwiya nawo, ndinawamvera chisoni, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene chikuposa chinzake.

M'mawa mwake anavala tayi n'kupita okha ku ofesi kuja kukanena zomwezo. Ndinawatsatira ndikuwapempha kuti asadzipereke okha m'kamwa mwa ng'ona, koma mukuwadziwa bambo anu. Mayi Chidindo anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati za kukhoti adzaona akuluakulu ake, iye sangalonjeze kanthu. Koma ati pali chilolezo china, cha kusamalira kwa nthawi yaitali, ndipo sachipereka chifukwa cha misozi. Pamafunika malo aakulu oti mbalame iziphunziriramo kuuluka, a makoma aatali, okutidwa ndi waya pamwamba. Pamafunikanso kalata ya mwini malowo yovomereza, yosainidwa ndi dzanja lake. Zikapanda kupezeka mwezi uno usanathe, galimoto ibwera kudzamutenga Kasitomala.

Tsopano mwayamba kuona kumene ndikulowera, ndipo ndikudziwa kuti mwakwinya kale nkhope.

Malo otero tili nawo amodzi okha, nyumba yanu ya kuseri ija, imene munaimanga mpaka pamwamba pa mawindo n'kunyamuka. Ndikudziwa kuti munati munthu asakhudze ngakhale njerwa imodzi. Ndikukumbuka mmene munamukalipira msuweni wathu atafuna kusungiramo nkhuku. Ndikudziwanso kuti nyumbayo kwa inu si makoma chabe, ndi lonjezo lanu lakuti mudzabwerera. Koma achimwene, pabalaza panu pamera mtengo, ndipo wandipitirira kale msinkhu. Amati mutu umodzi susenza denga, koma wanuwo sunayese n'komwe.

Sitigumula kanthu. Tichotsa tchire, titseka mawindo, tiyala waya pamwamba. Aphunzitsi aja alonjeza kutithandiza. Mukadzafuna kufolera, tidzachotsa zonse ndi manja athu. Chimene ndikupempha ndi kalata yanu yovomereza, yachidule, yosainidwa, mutumize msanga. Musati muganizire kaye, chifukwa kuganizira kwanu ndimakudziwa, kumatha zaka.

Pali chinthu china chimene mayi uja ananena, ndipo n'chimene chikundisowetsa pokhala. Ati Kasitomala wazolowera anthu mopitirira, ndipo dokowe wosaopa munthu safika kutali. Ndiye chilolezocho chikaperekedwa, asamaonenso nkhope ya munthu, makamaka ya abambo. Chakudya azimuponyera pabowo, osamulankhula, osamuitana dzina. Ayenera kuwaiwala.

Ine ndinaganiza kuti pamenepo abambo akana, anene kuti bola galimoto ibwere. Anangofunsa kuti bowolo likhale lalikulu bwanji.

Pamene ndikulemba pano, makina awo osokera akulira pakhonde. Atola matumba akale, akusoka makatani otchingira mawindo a nyumba yanu, kuti mbalameyo isamawaone. Ndawauza kuti adikire kaye yankho lanu, koma akuti telala sadikira mwini ukwati kuti ayambe kudula. Andituma kuti ndikuuzeni kuti sakupempha malo osungira mbalame. Akuti akupempha malo oti abwezeremo zimene anadula, kuti anzake akadzabweranso adzapite nawo.

Sindikudziwa kuti tsiku limenelo abambo adzatani, ndipo ndikuopa. Koma ndikuopa kwambiri kuti galimoto ingabwere makataniwo atatha, iwo n'kusowa powapachika.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito yanuyo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira iwo kuti akukhalikeni pansi ndi cholembera. Ana muwapsompsone, muwauze kuti agogo awo adzuka.

Ndine mlongo wanu wapakamwa uja,
amene akudikira pageti.