Dzanja Losathira Mchere

Lolemba, 9 Juni 2025

Kuzizira. Magetsi kulibe, makala akutha. Mwezi sunathe chiwaikire bambo a Tamara, ovolosi yawo ya ku njanji ikadali pamsomali. Azakhali awo, a Justina, abwera kuchokera ku komboni ya Makululu ndi chikwama chachikulu, ati adzandisamale. Kusamalako ndi uku: ndisathire mchere m'ndiwo mpaka achibale adzandimete ndi kundimasula. Wamasiye akathira, ati mwana amatsokomola, kutupa, kenako maliro ena. Tsempho. Ndiye kuphika ndi ine, pothira mchere ndiitane Tamara, mwana wa giredi wani. Lero wathira dzanja lodzaza. Tadya choncho.

Ndawafunsa chifukwa chake. "Ni mwambo wa kumunzi." Kumudzi kuti? Anabadwira konkuno ku Kabwe. Ku Dedza, kumene bambo awo anachokera kudzakumba mgodi, sanapondeko ngakhale ndi chala.

Lachinayi, 12 Juni

Ndabwerera kuntchito, kushopu yotayipa ndi kupulinta. Makasitomala ochepa. Clive, mnzanga wa pantchitopo, tsiku lonse akucheza ndi loboti ya m'foni ija yoyankha mafunso. Waifunsa ngati imadzidziwa. Yayankha mwaulemu kuti mawu ake imawatola m'zimene anthu analemba kale, za m'kati mwake singatsimikize. Clive wakwiya ngati yamunyoza. "Iyi ni parrot chabe, sisi. Day yamene izakana order, ndiye kuti yauka."

Ndaseka, koyamba chichitikire maliro. Kuseka kwathera m'minibasi. Ineyo ndakana chiyani? Khala pamphasa, ndinakhala. Usasambe, sindinasambe. Vala zakuda, ndavala. Bola lobotiyo imavomera kuti mawuwo si ake.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndalakwitsa. Ndinafika wotopa, Tamara akusewera kwa aneba, repu ali pamoto. Dzanja linapita lokha pambale ya mchere monga lachitira zaka zonsezi. Ndinazindikira mcherewo utasungunuka kale. A Justina ali pakhomo, maso pa ine. Sanadye. Ine ndi Tamara tinadya, ndiwo zinakoma bwino, ndipo ndinakwiya kuti zakoma.

Lachisanu, 20 Juni

Tamara akutsokomola kuyambira dzulo. Juni uno, fumbi la Kabwe, theka la kalasi yawo likutsokomola. Ndikudziwa. Anesi kukiliniki anenanso zomwezo, chimfine, atipatsa mankhwala akumwa. Ndikudziwa, ndikudziwa. Nanga bwanji akatsokomola ndimamuyang'ana miyendo ngati yatupa? Sindikhulupirira za tsempho. Koma pali wina m'kati mwangamu amene amakhulupirira, ndipo sindikudziwa anamuikamo ndani, liti.

Masana shopu ili zii ndinabwereka foni ya Clive. Ndinalemba funso la mchere, ndinalifufuta. Kufunsa makina ngati ndapha mwana wanga! Manyazi.

Lamlungu, 22 Juni

Achibale a malemu akumana pabalaza panga, ine pamphasa kukona. Chigamulo: Tamara akakhale ku Makululu kwa a Justina mpaka ndidzametedwe. Liti? Malume wamkulu wa malemu akadzapeza mpata wobwera kuchokera ku Lusaka. Mwina Ogasiti, mwina Disembala. Sukulu? Aona. Mmodzi wa iwo wandiuza: "Sitikudana nawe, Alefa. Tifuna chabe mwana akhale moyo." Ndipo sakunama, ndicho chotopetsa. A Justina maso ofiira, agona pambali pa mwanayo chiyambire chifuwa. Akanakhala ankhanza ndikanadziwa pogwira.

Ndawomba m'manja, ndathokoza. Ndathokoza!

Lolemba, 23 Juni

Sindinapite kuntchito. Ndapinda zovala za Tamara ndekha n'kuziika m'chikwama, popanda wondituma. Juzi yofiira, yunifomu, mankhwala pamwamba. Tamara anaima pambali akukanda bondo. "Mami, ndimwe mwakamba kuti niyende, olo ni ambuya Justina?" Ndinatsegula pakamwa, chotuluka: ni mwambo, mwana wanga. Mawu a azakhali, kakwezedwe kake komwe. Anangogwedeza mutu, kupita kukavala nsapato. Osalira. Waphunzira kale.

Mwamuna ndaika m'manda, uyu ndi yekhayo wanditsalira. Ndikuopa akapita, ndikuopa akatsala. A Justina ali panja, ati minibasi zidzaza. Aitana kawiri. Chikwama cha Tamara chija ndachikhalira, ndipo sindikunyamuka.