Ndinawaphunzitsa Kugawa M'malo Mochulukitsa

Lamulungu madzulo. Mtima suli m'malo, ngakhale kudya kwandikanika.

Posanja mabuku lero ndapeza cholakwa changa. Teremu yonse, pa phunziro la magetsi, ndakhala ndikuuza ana a Folomu 4 kuti pofuna mawati azigawa mavolti ndi maampu. Kugawako n'kopezera rezisitansi, mawati timachulukitsa. Ine wadigiri!

Chisomo, mtsikana wa ku Dambe, anadzutsapo mkono mkalasi: "Sala, mavolti 12 ndi maampu 2 mwati mawati 6? Babu yakwathu analembapo 24." Ndinamukhazika pansi, anzake n'kumuseka. Anafufuta yankho lake, n'kulemba langa.

Mayeso a boma a Fizikisi ndi mawa. Ana ali kumidzi, ambiri alibe foni. Ndilawirira kukawadikirira pageti, koma akandikhulupirira? Nanga Chisomoyo ndikamuyang'ana bwanji...