Katundu Woyesera Mlatho

Lachiwiri, 2 Seputembala

Mwana wanga Shirin wafika. Apongozi ake amutumiza kuno kwathu, monga mwa mwambo, adzachirire m'manja mwa mayi ake. Mimba yatsika, miyendo yotupa. Chipatala chili kutsidya kwa njanji, ndipo m'nyumba muno palibe akutchula za chaka chatha. Ine ndizitchule pano. Mwana wake woyamba anathera m'mimba, m'kagalimoto kanga ka matayala atatu, tili pageti la njanji. Sitima ya makontena yochokera kudoko itaima, malole kutsogolo, malole kumbuyo. Ndinaliza hutala mpaka inasasa mawu. Geti limene lija ndimadana nalo.

Lachisanu, 5 Seputembala

Pochokera ku mzikiti ndinakaona mlatho watsopano wodumpha njanji. Anthuni, kukongola! Wakwera, wapinda msana ngati mphaka, watsikira kutsidya. Phula lakuda bii. Mu Chattogram muno sindinaonepo ntchito yosalala chonchi. Ndinasisita chipilala chimodzi, anthu n'kumandiseka. Aseke.

Woyang'anira ntchito ndi injiniya wamkazi, Tahmina. Wamfupi, chipewa cholimba pamwamba pa mpango, nsapato matope okhaokha. Akangoyankhula, madoda andevu liwiro. Mwezi watha anagumulitsa khoma lam'mbali poti simenti inachepa, kapitawo anachita kugwira mutu. Tonse timamuti Apa, ngati mchemwali wathu wamkulu, chonsecho ndi msinkhu wa Shirin. Iye amanditi Chacha, ngati amalume ake. Ndinamufunsa kuti atsegula liti. "Chacha, wanga ndi mlatho. Riboni ndi ya anduna."

Lachitatu, 10 Seputembala

Mvula tsiku lonse. Okwera ochepa, gasi woyendetsera kagalimoto wakweranso mtengo. Mayi a Shirin akuti mwana asamangodya mpunga ndi mphodza. Ndagula nsomba ziwiri, zazing'ono, zochititsa manyazi.

Jalal wogulitsa tiyi pageti wayamba kudandaula: mzere wa malole ukatha, tiyi wake amwa ndani? Ndinamumvera chisoni, koma pang'ono chabe. Iye kundigemula: "Iwe Mofiz, ungoukwatira mlatho wakowo, tiyi wa paukwati ndiphika ine."

Anduna akuti abwera kumapeto kwa mwezi. Shirin safika kumapeto kwa mwezi asanachire. Polowera pamlatho nsungwi zopingasa, ndi mlonda wa chibonga. Ndili ndi mantha.

Lamlungu, 14 Seputembala

Mawa ayesa mlatho. Apa wandifotokozera: malole odzaza mchenga akwera n'kuima pamwamba, iwo pansi n'kumayeza ngati ukuwerama. Iyeyo aima pansi penipeni, pakati. Akuti amene wamanga ndiye ayenera kuima pamenepo. Mtima wa mwana ameneyu! Ine ngakhale atandilipira sindingaime.

Shirin akuti msana. Mayi ake alongedza kale chikwama.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Dzulo sindinalembe.

Zinayamba dzuwa lili paliwombo. Shirin kumpando wakumbuyo, mutu pamiyendo pa mayi ake. Kufika pageti, lotseka. Sitima itaima, mathero ake osaoneka. Zonse ngati chaka chatha, ndi fungo la dizilo lomwe. Shirin anangoti, "Abba, pano ayi. Chonde, pano ayi."

Ndinatembenuza m'matope mpaka pansungwi paja. Mlonda kukanitsitsa, akuti ntchito ingamuthere. Sindikumuda. Jalal anasiya ketulo pamoto, ndi mimba yake ija, liwiro kukaitana Apa kunsi kwa mlatho. Apa anabwera. Anasuzumira kumbuyo, kenako n'kuyang'ana malole ake m'mwambamo. Sanaimbire foni munthu.

"Lero pamlatho pakukwera katundu woyesera yekha. Chacha, inu ndinu katundu woyesera. Pang'onopang'ono, pakati pa malole. Ine ndikukaima pansi."

Nsungwi anachotsa ndi manja ake.

Ndinakwera. Madalaivala a malole kukuwa, "Dutsa mdala, dutsa!" Pamwamba ndinaona sitima ili pansi panga, makontena ofiira ndi obiriwira, geti lija kanthu kakang'onong'ono. Misozi mbwee, sindinabise.

Tinafika kuchipatala, mwana n'kubadwa. Wamkazi. Wamoyo. Mawu ngati hutala yanga isanasase. Azana, mawu oitanira kupemphero aja, m'khutu ndamunong'oneza ine, agogo ake.

Lachinayi, 18 Seputembala

M'mawa ndinapititsa maswiti kwa Apa. Ndamva kwa mlonda kuti mabwana anamuitanira ku ofesi, anamukalipira kwambiri. Nditamufunsa anangoseka, n'kuponya maswiti awiri m'kamwa. Akuti mlatho wakhoza mayeso, ndi ife tomwe. Ndinamuthokoza. Mulungu amusunge mwana wa eni ake.

Nsungwi zabwerera pamalo pake. Pachipilala akukhoma chikwangwani chachikulu, nkhope ya anduna, akuti munthu woyamba kudzawoloka. Jalal kuseka mpaka kudzitayira tiyi.

Woyamba weniweniyo, mdzukulu wanga, tamutenga kuchipatala masana ano, m'kansalu kachikasu, dzina alibe. Pobwera tapeza geti lotseka, sitima itaima, malole mzere mpaka uko. Ndinacheuka. Shirin akuyamwitsa, mayi ake akusinza. Ndazimitsa injini, ndaitanitsa tiyi kwa Jalal.

Iime mpaka mawa ikafuna.